Kakanthu kachilendo pafupi ndi wotchi ya kompyuta, ndi kachiyani?

NaPhiri: Mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Ndithandizeni abale anga. Pa laputopu ya kushopu kwanga patulukira kakanthu kachilendo, pansi kudzanja lamanja paja pamakhala nthawi ndi batire. Kakuoneka ngati kawotchi kozungulira kokhala ndi kabatani pamutu. Dzulo kanalibepo. Chiyambire kuoneka kameneka kiyibodi yasokonekera, chilembo sichikutuluka pokhapokha ndikanikize batani kwakanthawi. Ndili ndi mayeso a sukulu ina oti nditayipe, eni ake akuwafuna mawa m'mawa.

Jafali: Vayirasi imeneyo mayi. Munalowetsa fulashi ya munthu?

NaPhiri: Iii Jafali, mafulashi ndiye ntchito yanga. Pa Kamuzu Road pano aliyense wofuna kupulinta amabwera ndi yake.

Jafali: Basi ndi yomweyo. Ikwezeni minibasi ibwere kuno ku Chipoka, ndifomata madzulo ano, kufufuta zonse n'kuikamonso Windows, mawa ikhala ngati yatsopano.

Kondwani: Tadekha kaye Jafali. Munthu sananene n'komwe kuti ndi Windows yanji, iwe wayamba kale zofomata. Amayi, musaitumize kulikonse. Tengani mausi, kamuvi kaja mukaike pamwamba pa kachizindikiroko, osadina ayi, mungokasiya pomwepo. Patuluka timawu. Mutiuze zomwe zalembedwa.

NaPhiri: Achimwene, magetsi angozima kumene ndipo batire la laputopu iyi linafa kalekale, ikangochoka pa chaja imathima nthawi yomweyo. Koma ndinajambula ndi foni isanazime. Nachi chithunzicho.

Mercy Dwangwa: Chithunzi chake chili mbuu, ndikungoona nkhope yanu pagalasi kkkk

Aphunzitsi aBanda: Ine ndikuona ngati kawotchi kaja timagwiritsa ntchito pa mpikisano wothamanga. Mwina ndi alamu, mwana wina anatchera.

Jafali: Alamu imaletsa kiyibodi kulemba aphunzitsi?

Madala aMwale: Moni nonse kuchokera kuno ku Linga. Ine makompyuta ndinawapeza ndili kale pantchito ya ukalaliki, nthawi ya Windows 95. Pakona imeneyo timangoonapo nthawi ndi kasipika basi. Lero mdzukulu wanga akatsegula yake pamakhala tinthu tambirimbiri, tina tobiriwira, tina tofiira. Ndifunse nawo, kodi timeneti amatiika ndani?

Kondwani: Funso labwino madala. Podikira magetsi a amayi ndiyankhe limeneli. Pakona ija ndi pomwe mapulogalamu amene akugwira ntchito mwakachetechete amadzionetsera. Pulogalamu ngati Word mukaitseka yatseka basi. Koma pali ena amene amayamba okha kompyuta ikangoyaka ndipo amakhalabe akuyenda ngakhale simukuwaona, monga woteteza ku mavayirasi, wa pulinta, wa Bluetooth. Amenewo ndiwo amaika tizizindikiro pamenepo. Tina ndi ta Windows yeniyeniyo, monga ka batire, ka netiweki ndi ka sipika. Tinayamba kuchuluka mpaka Windows XP, ya mu 2001, inayamba kubisa tosagwiritsidwa ntchito kawirikawiri. Kuyambira pa Windows 7 pali kamuvi koloza m'mwamba, mukakadina pamatseguka kabokosi komwe kali ndi tobisika tonse. Anthu ambiri sanakadinepo chigulire kompyuta.

Madala aMwale: Ndakadina tsopano pa ya mdzukulu. Koma abale! Muli tinthu tina tisanu ndi tinayi.

Mercy Dwangwa: Kwanga muli kamtambo. Nthawi zina kamakhala ndi timivi tiwiri tozungulira. Ndinkayesa ndi ka zanyengo.

Kondwani: Ayi achemwali, ameneyo ndi OneDrive wa Microsoft. Timivi tikamazungulira ndiye kuti akukweza mafayilo anu pa intaneti. Ngati mumalumikiza laputopu ku hotspot ya foni, bando yanu ikupita kumeneko.

Mercy Dwangwa: Ndiye chifukwa chake! Ndimagula bando ya sabata koma Lachitatu lisanafike yatha. Ndimakalipira ana kuti akuonera makatuni.

Kondwani: Mwina ananso akudyako, sindingawaikire kumbuyo. Koma chitani izi. Lowani mu Settings, kenako Network & Internet, Wi-Fi, dinani dzina la hotspot yanu, mupeze pomwe palembedwa Metered connection muyatse. Mukatero Windows imadziwa kuti intaneti imeneyi ndi yogula pang'onopang'ono, ndiye imachepetsa kukoka zinthu payokha, OneDrive nayenso amaima kaye. Malo aulere amene amapereka ndi 5 GB yokha, akadzadza kamtamboko kamayamba kuonetsa chenjezo. Apanso anthu amathamangira kunena kuti vayirasi.

Jafali: Inu a Kondwani mukuyankhula ngati mavayirasi kulibe. Bwerani kuno mudzaone mafulashi amene amabwera kudzaikitsa nyimbo. Mafoda onse asanduka ma shortcut. Munthu kulira kuti zithunzi za ukwati wake zapita.

Kondwani: Mavayirasi alipo ambiri, sindikukana. Wa ma shortcut uja ndimakumana naye pafupifupi tsiku lililonse, ndipo nthawi zambiri zithunzi zimakhala zilipo, amangozibisa. Koma taganiza bwino mphwanga. Unaonapo vayirasi ameneyo ataika kachizindikiro kake pafupi ndi wotchi? Wakuba sabwera usiku atavala belu m'khosi. Pulogalamu yoipa imafuna musadziwe kuti ilipo. Kanthu kamene kakudzionetsa poyera, nthawi zambiri kamakhala ndi dzina ndi mwini wake, mungofunika kukafunsa.

Jafali: Nthawi zambiri. Osati nthawi zonse.

Kondwani: Eya, pamenepo tagwirizana. Alipo mapulogalamu ena achinyengo amene amaika chizindikiro chofiira n'kumakuopsezani kuti kompyuta yanu ili ndi mavuto mazanamazana, lipirani tikonze. Amenewo amadzionetsa dala chifukwa akufuna ndalama. Komabe ngakhale amenewo, njira yake ndi kupeza dzina ndi komwe akukhala, osati kufufuta kompyuta yonse. Amayiwa ali ndi ma CV a anthu, makalata a mafumu, mapulogalamu a maukwati ndi maliro amene amangosintha maina. Ukafomata uwabwezera zimenezo?

Jafali: Ndimayamba ndakopera kaye mafayilo.

Kondwani: Pa hard disk yako ija imene imalowa m'makompyuta a Chipoka yense?

Mercy Dwangwa: kkkkkk a Kondwani mwatero?

Admini Tiya: Tiyeni tizilemekezana. Jafali amatithandiza zambiri pagulu pano.

NaPhiri: Magetsi abwera. Ndaika kamuvi paja monga munanenera. Palembedwa FilterKeys.

Kondwani: Basi nkhani yatha amayi. Si vayirasi, laputopu yanu ilibe vuto lililonse. Filter Keys ndi chinthu cha mu Windows momwemo, anachikonzera anthu amene manja awo amanjenjemera kapena amavutika kudina batani kamodzi kokha. Chikayaka, kompyuta imanyalanyaza mabatani odinidwa mofulumira kapena mobwereza, n'chifukwa chake mukuyenera kukanikiza kwakanthawi. Chimayaka batani la Shift la kudzanja lamanja likakanikizidwa kwa masekondi 8. Pamatuluka kabokosi kofunsa ngati mukufuna kuyatsa, munthu akadina Yes basi chalowa.

NaPhiri: Ine Shift kumukanikiza nthawi yonseyo ndifuna chiyani?

Kondwani: Sizifuna chala ayi. Pa tebulo panu pamakhala chiyani kudzanja lamanja la kiyibodi?

NaPhiri: Aaa. Mtsikana amene amandithandiza akuti m'mawa uja anatsamiritsa buku la mayeso pa sikirini kuti aziwerenga bwino, ngodya yake inakhala pa kiyibodi. Akuti kunalira kaphokoso n'kutuluka kabokosi, iye anangodina kuti kachoke.

Aphunzitsi aBanda: Ndiye ndinalasa pang'ono, ndi kawotchi ndithu kkk

NaPhiri: Nanga ndizimitsa bwanji? Kiyibodi yake ndi imeneyi ikuvutayi.

Kondwani: Mausi yokha ikwanira. Dinani Start, kenako kagiya ka Settings. Ngati ndi Windows 10 pitani pa Ease of Access, tsikani m'munsi kumanzere mpaka pa Keyboard. Mupeza Use Filter Keys, zimitsani. Pansi pake pali kabokosi kololeza kuti chiziyaka ndi batani lija, chotsani kachongi kuti buku lisadzayatsenso. Pa Windows 11 malo omwewo amawatcha Accessibility. Muli komweko chitaninso chimodzimodzi pa Sticky Keys. Ameneyo amayaka mukadina Shift kasanu motsatizana, ana osewera magemu amamuyatsa kawirikawiri, ndipo nayenso amaika kachizindikiro kake ka timabokosi pakona pomwepo.

NaPhiri: Zatheka! Kawotchi kachoka, ikulemba bwinobwino. Ambuye akudalitseni achimwene. Mukadzadutsa pa Kamuzu Road fotokope ndi yaulere.

Jafali: Chabwino, koma Smadav, pulogalamu yoteteza ku mavayirasi ija, muikebe mayi. Mafulashi amenewo tsiku lina adzakulizani.

Madala aMwale: A Kondwani, mwati chinthuchi anakonzera a manja onjenjemera? Ine ndikamalemba kalata ya kumpingo chilembo chimodzi chimatuluka katatu, ndimatha nthawi yambiri ndikufufuta. Ndiye chimene chawasowetsa mtendere amayiwa ine chingandithandize?

Kondwani: Kwambiri madala. Mdzukulu wanu akuyatsireni pamalo omwe ndatchulawo. Mkati mwake muli posankha kuti kompyuta idikire nthawi yaitali bwanji isanalandire batani lomwelo kachiwiri. Ayambe ndi theka la sekondi, muyese, mukaona kuti ikuchedwa kapena ikufulumira asinthe. Kawotchi kakaoneka pakona mudziwe kuti ndi kanu, ndipo mdzukulu akafuna kulemba zake azizimitsa.

Madala aMwale: Zikomo mwana wanga. Tiyesa akabwera kuchokera kumpira.

Shakira: Pepani ndalowa mochedwa, ndimawerenga zonse. Inenso ndili ndi langa. Ndimagwira pa risepushoni pa loji ina kuno ku Senga Bay. Nditawerenga za kamuvi koloza m'mwamba ndakadina pa kompyuta ya pa kauntala. Muli tambiri, koma tiwiri tandidabwitsa. Kena kanali kotuwa, nditangoikapo mausi kazimiririka kokha, ngati sikanaliko. Kenako kali kofiira psuu, kali ndi tinthu tiwiri tangati madayamondi.

Mercy Dwangwa: Kozimiririka kokha? Zimenezo ndiye za kunyanja kkk

Kondwani: Kozimiririkako musade nako nkhawa. Pulogalamu ikafa mwadzidzidzi kapena ikatsekedwa mokakamiza, chizindikiro chake chimatsalira pakona mpaka mausi itadutsapo, ndi pamene Windows imazindikira kuti mwini wake kulibe n'kuchichotsa. Kofiirako ndi komwe ndikufuna timve bwino. Ikanipo mausi.

Shakira: Kalembedwa AnyDesk.

Jafali: Eee. Apa ndiye pali nkhani.

Shakira: Mukundiopsa. Ndi vayirasi?

Kondwani: Si vayirasi. AnyDesk ndi pulogalamu yodziwika bwino, ya kampani ya ku Germany, ndipo ife okonza makompyuta timaigwiritsa ntchito. Ntchito yake ndi yoti munthu ali kutali, kaya ku Lilongwe kaya kunja, aone sikirini yanu ndi kuyendetsa mausi ngati wakhala pampando wanu. Ina yofanana nayo ndi TeamViewer, ya buluu yokhala ndi muvi wa mitu iwiri. Ndiye funso si loti ndi yabwino kapena yoipa. Funso ndi loti anaiika ndani, ndipo ndani ali ndi chilolezo cholowa.

Shakira: Mwina ndi bambo amene anadzatiikira pulogalamu ya mabuku a alendo. Koma anasiya kubwera chaka chatha, anasemphana ndi abwana pa nkhani ya malipiro.

Aphunzitsi aBanda: Ndiye munthu wokwiya ali ndi njira yolowera mu kompyuta imene muli maina a alendo ndi ndalama?

Kondwani: Tisamuweruze munthu tisanaone. N'kutheka anangoiwala kuchotsa, ambiri timatero. Achemwali, tsegulani AnyDesk, mupite mu Settings muyang'ane za chitetezo, mupeze mawu oti Unattended Access. Ngati pamenepo sanaikepo pasiwedi, munthu wakutali sangalowe pokhapokha wina pa kauntala adine Accept. Ngati anaikapo, angathe kulowa nthawi ina iliyonse kompyuta ikakhala yoyaka ndipo ili pa intaneti, popanda kupempha aliyense.

Shakira: Pakuoneka kuti pali pasiwedi. Ndipo kompyuta imeneyi sitizimitsa usiku chifukwa cha alendo ofika mochedwa.

Jafali: Chotsani pompano. Control Panel, Programs, Uninstall. Osadikira.

Kondwani: Ine ndikanati auze kaye abwana. Kompyuta si yawo, ndipo mwina pali munthu wina watsopano amene akuthandiza pa pulogalamu ya mabuku ija kudzera momwemo, iwo osadziwa. Akachotsa kenako zinthu n'kuima Loweruka alendo atadzaza, mlandu ugwera iwo. Chimene angachite panopa osalakwira munthu ndi kudina kachizindikiroko ndi batani la kumanja la mausi n'kusankha Quit, kenako aimbire abwana. Koma adziwe kuti kompyuta ikazima n'kuyakanso, pulogalamuyi iyambanso yokha.

Jafali: Inu zanu ndi zodekha nthawi zonse. Munthu akhoza kulowa usiku uno.

Kondwani: Ngati wakhala chaka osalowa, kapena wakhala akulowa chaka chonse, ola limodzi loimbira foni silisintha kanthu. Koma mbali ina ukunena zoona Jafali, zisagone. Abwana akavomera, achotse kapena asinthe pasiwediyo, komanso asinthe mapasiwedi a imelo ndi ena onse amene anasungidwa mu browser ya kompyutayo.

Shakira: Ndawaimbira, ali ku Lilongwe. Akuti iwonso samadziwa kuti muli chinthu chotero. Akuti nditseke kaye monga mwanenera, abwera ndi munthu wawo Lachisanu.

Admini Tiya: Ndionjezepo pang'ono poti nkhani yafika apa. Wina akakuimbirani foni n'kunena kuti ndi wa ku banki kapena wa kampani ya mafoni, ndiye akuuzeni kuti ikani AnyDesk kapena TeamViewer pa foni kapena pa kompyuta kuti akuthandizeni, dulani foniyo. Akangolowa amaona chilichonse chimene mukuona, ndi manambala achinsinsi obwera pa meseji omwe.

Aphunzitsi aBanda: Funso langa ndi ili a Kondwani. Amayi aja ndi achemwaliwa apulumuka chifukwa timawu tinatuluka. Nanga ukaika mausi koma osatuluka kanthu? Kusukulu kwathu kuno ku Khombedza tili ndi makompyuta angapo amene tinalandira, ena ali ndi tizizindikiro tosayankha ngakhale udine motani.

Kondwani: Zimachitika aphunzitsi. Poyamba yesani batani la kumanja la mausi. Kawirikawiri pamatuluka timizere monga About, Settings kapena Exit, ndipo About amakuuzani dzina la pulogalamu ndi kampani yake. Zikakanika, dinani ndi batani la kumanja pa mzere wa pansi uja pamalo opanda kanthu, musankhe Taskbar settings. Pa Windows 10 mupeza Select which icons appear on the taskbar, pa Windows 11 amati Other system tray icons. Pamenepo tizizindikiro tonse tandandalikidwa, kalikonse ndi dzina lake pambali. Mungofananiza chithunzi.

Mukapeza dzina koma simukulidziwa, dinani Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi kuti Task Manager atseguke. Ngati akuoneka wamng'ono dinani More details. Pezani dzina lija pamndandanda, batani la kumanja, Open file location. Apa ndi pamene pamagona nkhani yonse. Mapulogalamu abwinobwino ambiri amakhala mu Program Files kapena mu foda ya Windows. Mukapeza kanthu kosadziwika kakukhala mu Temp, kapena mu foda ya dzina losamveka mkati mwa AppData, yambani kukayikira. Sindikuti chilichonse cha mu AppData ndi choipa ayi, mapulogalamu ena odziwika amakhala momwemo. Ndiye onaninso chachiwiri. Pa fayiloyo dinani batani la kumanja, Properties, muone ngati pali Digital Signatures. Makampani akuluakulu amasayinira mafayilo awo, dzina lawo limaoneka pamenepo.

Aphunzitsi aBanda: Ndiye dzina lokha silokwanira?

Kondwani: Silokwanira. Ndikupatseni chitsanzo chimene Jafali akuchidziwa bwino. Malaputopu ambiri ali ndi pulogalamu ya Synaptics, yoyendetsa kamalo kaja timasisita ndi chala m'malo mwa mausi. Yeniyeni imakhala mu Program Files, mu foda ya Synaptics, ndipo fayilo yake yodziwika ndi SynTPEnh.exe. Pa malaputopu akale imaika kachizindikiro kake pakona, kamene kamasonyeza chala chikamayenda. Koma pali vayirasi amene anangobera dzinalo. Amadzitcha Synaptics.exe, amabisala mu ProgramData, foda imene Windows saionetsa pokhapokha mutaiuza kuti ionetse zobisika. Amayenda pa mafulashi ndipo amagwira ndi mafayilo a Excel omwe. Munthu akamuona mu Task Manager amati aa, ndi wa laputopu yemweyu, n'kumusiya.

Jafali: Ameneyo ndiye mdani wanga. Ukaona mafayilo oyamba ndi ._cache_ mu fulashi, dziwa kuti wafika. Ndipo pakona ya wotchi saoneka n'komwe.

Kondwani: Wamva zimene wanenazo?

Jafali: Ndamva, koma ameneyo ndiye wofomata basi. Musandiuze za Properties.

Kondwani: Ameneyo akafalikira m'mapulogalamu ambiri, nanenso nthawi zina ndimafomata. Koma ndimafomata nditadziwa chimene ndikuthamangitsa.

Mercy Dwangwa: Ine ndatsegula Task Manager, maina ake ndi ambirimbiri, svchost yekha alipo kaya kangati. Nditseke onsewo?

Kondwani: Ayi ayi achemwali, chotsani dzanja! svchost ndi wa Windows, amakhala ambiri choncho mwachibadwa. Mukamatseka zinthu mwachisawawa kompyuta izima kapena sipika isiya kulira. Inu pitani pa Startup pokha. Pamenepo pali mapulogalamu amene amayamba okha poyatsa, ndi dzina la kampani pambali. Amene mukuwadziwa ndipo simuwafuna m'mawa uliwonse, monga Skype, uTorrent kapena Spotify, dinani Disable. Simunawachotse, mwangowauza kuti adikire muwaitane. Kompyuta imayaka msanga ndipo pakona paja pamapepuka. Amene simukuwadziwa jambulani mutumize pano. A Windows 7 Startup ameneyu mumupeza mukalemba msconfig pa Start.

Aphunzitsi aBanda: Athu ambiri ndi a Windows 7 omwewo.

Kondwani: Amenewo Microsoft inasiya kuwatumizira zotchinga mabowo a chitetezo pa 14 January 2020. Windows 10 nayo nthawi yake yokhazikika inatha pa 14 October 2025. Akugwirabe ntchito, koma a Windows 7 aja ngati n'kotheka asamalowe pa intaneti, azingophunzitsira ana kutayipa ndi Excel. Ndipo fulashi ya mphunzitsi aliyense isamangolowa.

Aphunzitsi aBanda: Pamenepo ndiye mwapempha zovuta. Nthawi ya mayeso aliyense amabwera ndi yake.

NaPhiri: Ndabweranso, mayeso ndafika theka. Poti mwatchula za kabokosi kobisika, ndayang'anamo inenso. Muli kachishango koyera koma kali ndi kachizindikiro kofiira ka X. Kameneka kakhalapo chigulire laputopu, ndinkangoti ndi mmene kamaonekera.

Kondwani: Amayi, kameneko ndiye kofunika kuposa kawotchi kaja. Chishangocho ndi Windows Security, mlonda wa mu Windows momwemo. Chikakhala ndi kachongi kobiriwira zonse zili bwino, kachikasu ndi chenjezo, kofiira ndiye kuti pali chinthu chachikulu chozimitsidwa kapena chofuna kuchitapo kanthu msanga. Kadineni muone pa Virus & threat protection.

NaPhiri: Akuti Real-time protection ndi yozimitsa.

Kondwani: Ndimayembekezera zomwezo. Malaputopu ambiri ogula kwa anthu amabwera choncho. Woikamo mapulogalamu amagwiritsa ntchito tizida tobera chilolezo cha Office kapena cha Windows, ndiye poti mlonda uja amatigwira n'kutichotsa, amangomuzimitsa. Kasitomala amanyamuka osadziwa kuti alibe chitetezo.

Jafali: Nanga titani a Kondwani? Munthu wagula laputopu ya kaunjika movutikira, umuuze agulenso Office ya madola? Akuseka. Tonse timadziwa mmene zimakhalira kuno.

Kondwani: Ndikudziwa, sindikukhala kumwamba ine. Koma umuuze munthuyo chimene wachita. Komanso LibreOffice ilipo yaulere, imatsegula mafayilo a Word ndi Excel. Kwa munthu wongolemba makalata imakwana.

Jafali: Imasokoneza matebulo. Mayi akatayipa mayeso a masamu mu LibreOffice, akapita nawo kusukulu pa Word zonse zabalalika. Ndinayesapo ndi makasitomala, anabwerera onse.

Kondwani: Akasunga ngati PDF sizibalalika. Koma chabwino, imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina. Amayi, malizani kaye mayesowo, muwasunge pawiri. Mukapereka mawa, yatsani Real-time protection, mulumikize intaneti kuti alandire zatsopano, kenako Full scan. Itenga nthawi, muisiye pa chaja. Ikakana kuyaka kapena ikazimanso yokha, mundiuze, pamenepo ndiye pafunika ndione ndi maso. Dziwaninso kuti akayaka angathe kuchotsa kachida kaja, Office n'kuyamba kudandaula za chilolezo. Ndi chifukwa chake ndikuti mayeso atuluke kaye.

NaPhiri: Ndamva achimwene. Nanga Smadav amene akunena Jafali?

Kondwani: Smadav ndi wa ku Indonesia, chizindikiro chake ndi chobiriwira chija mumachiona pafupifupi pa kompyuta iliyonse kuno. Pa mafulashi amathandiza ndithu, ndipo eni ake amanena okha kuti ndi wothandizira, osati wolowa m'malo mwa mlonda wamkulu. Ndiye muikeni ngati mukufuna, koma chishango chikhale choyaka. Chimene sindifuna ndi kuika oteteza akuluakulu awiri kapena atatu nthawi imodzi, amalimbana okhaokha kompyuta n'kumakwawa.

Aphunzitsi aBanda: Nanga fayilo ukaipeza, ilibe siginecha, ndipo dzina lake pa Google silikumveka bwino?

Kondwani: Pali tsamba la VirusTotal, limene Google inagula mu 2012. Mumakwezapo fayiloyo, ndiye imayesedwa ndi mapulogalamu oteteza oposa 60 nthawi imodzi. Akaikayikira mmodzi kapena awiri okha, kawirikawiri amakhala alakwitsa. Akaikayikira makumi angapo, musafunsenso. Koma muzikwezapo mapulogalamu okha, osati makalata, ma payslip kapena zotsatira za ana, chifukwa zimene mwakweza akatswiri a makampani a zachitetezo angathe kuziona. Kwa inu amene mumayang'anira makompyuta ambiri, pezaninso Autoruns. Ndi ya Sysinternals, imene ili m'manja mwa Microsoft kuyambira 2006, ndipo ndi yaulere. Imaonetsa chilichonse choyamba chokha, ngakhale zimene Task Manager saonetsa, ndipo mizere ya mafayilo osasayinidwa imaipaka mtundu wina kuti muione msanga. Synaptics wabodza uja amaonekera bwino momwemo. Koma muzingochotsa kachongi, osafufuta, kuti mukalakwitsa mubwezeretse.

Jafali: Autoruns imeneyo ndi yaikulu bwanji? Bando yanga yatsala pang'ono.

Kondwani: Siifika ngakhale 5 MB, ndipo siifuna kuinstola, umangomasula zip n'kutsegula. Koma uitenge pa tsamba la Microsoft lenileni, osati pa masamba ako aja a mabatani asanu olembedwa Download.

Jafali: Ndiikoka usiku bando ya usiku ikayamba. Pali desktop ya munthu wa ku Ngodzi pano imene ikutsegula yokha kawindo kakuda ikamayaka, ndiyesera pa imeneyo.

Kondwani: Ukatsegula pita pa Logon ndi pa Scheduled Tasks, ujambule zonse ziwiri utumize. Ujambule ndi Print Screen, osati ndi foni.